Suti ya Maliro Ipita ku Lisboa

Lisboa, 14 Seputembala 1981

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mlongo wanga Valdemar, ndiponso kuti bondo lanu lija lasiya kuvuta. Kuno ine ndi amuna anga a Horácio tili bwino.

Bambo anafika Lachinayi. Ndinakawachingamira ku siteshoni, koma Amayi, ndinawadutsa osawazindikira. Aonda. Jekete lija likungolendewera ngati lapachikidwa pa msomali. Iwo ndi amene anandikoka mkono n'kunena kuti, "Iwe Graciete, tauni yakunyaditsa mpaka kudutsa bambo ako?" Ndinaseka kuti asaone misozi.

Lachisanu tinapita ku chipatala. Anawalowetsa kapaipi kukhosi mpaka m'mimba, n'kudulako kanyama koti akapime. Adokotala akuti tidikire, zotsatira zituluka mwezi uno usanathe. Ndinawafunsa ngati ndi matenda omwe aja anatenga bambo aang'ono a Fausto, iwo anati sanganene kanthu asanaone. Ndakuuzani mmene anandiuzira, sindinachotsepo, sindinawonjezepo.

Titachoka kuchipatalako bambo anangokhala pa windo, chipewa chili pa bondo, kuyang'ana zovala zimene anthu a tsidya la msewu ayanika. Kudya, kasupu pang'ono basi. Ndikati tiyeni tikaone mtsinje, akuti, "Madzi ndinawaona kale, kwathu aliko." Dzulo mkamwini wanu anatopa nazo. Anavala yunifolomu n'kunena kuti, "Apongozi, lero mukandithandize ntchito." Anakawakhazika pampando wakutsogolo m'kasitima ka mumsewu kamene amayendetsa, kachikasu kokwera zitunda kaja. Ine ndimati abwerera ukangotha ulendo umodzi. Amayi, anabwera madzulo, limodzi ndi a Horácio poweruka! Akuti pa ngodya ina yopanikiza, pamene kasitimako kamatsala pang'ono kupala khoma, bambo anakuwa kuti "Hooo!" ngati akuimitsa ng'ombe, anthu onse n'kufa nalo phwete. Atafika kunyumba anamaliza mbale yonse ya supu, uku akulangiza a Horácio kuti amayendetsa mwankhanza, chokoka katundu umayamba wachipumitsa chisanakwere chitunda.

Ndaganiza kuti podikira zotsatirazi ndiziwayendetsa, asamangokhala ndi maganizo. Ndapempha tchuthi kumene ndimasoka kuja. Loweruka tikwera ku linga lakale la pamwamba pa phiri.

Mutitumizire nsapato zawo zakumunda, za ku tchalitchizi zikuwaluma, komanso miyala ya m'misewu ya kuno ndi yoterera. Mulembenso kuti mphesa muyamba liti kuthyola. Akufunsa tsiku lililonse. Akufunsanso ngati Valdemar wakonza mgolo wodontha uja.

Ine mwana wanu,
Graciete

Vilarinho, 21 Seputembala 1981

Graciete mwana wanga,

Kalata yako ndalandira. Tili moyo. Bondo ndi lomwe lija, silipita kulikonse, ndi langa.

Nsapato ndatumiza, m'kati mwake ndaikamo masokosi. Mphesa tiyamba Lachinayi. Mgolo wakonzedwa, uwauze asiye kulamulira anthu ali kutali.

Tsopano undimvere. Za kasitima wandilembera tsamba lathunthu, za adokotala timizere towerengeka. Ine ndinakubereka, ndimadziwa ukamazungulira nkhani. Uli mwana, ukaswa mbale unkayamba wandiuza za mphaka.

Sindinaiwale za malemu a Conceição, akazi awo a Belmiro. Ana awo atawatengera ku Porto, makalata ankabwera a zokoma zokhazokha. Lero amayi aona mlatho. Lero amayi akwera boti. Lero amayi adya m'lesitilanti. A Belmiro ankawerengera anthu makalatawo pakhomo pa tchalitchi, akunyadira, osadziwa kuti ana aja adokotala anali atawauza kale. Mayi uja anabwerera m'bokosi. Ndiye iwe ukamandiuza kuti wapempha tchuthi kuti bambo ako akaone linga, mtima wanga sukhala m'malo. Lingalo lakhala pamenepo kuyambira makolo, likuthawira kuti kuti muchite kulithamangira?

Valdemar akuti ndikakuimbire lamya pa sitolo ya a Zulmira. Ine ayi. Lamya ija ili pakati pa thumba la mchere ndi khutu la mwini sitolo. Pofika madzulo mudzi wonse ungadziwe za m'mimba mwa amuna anga. Iwe lemba. Adokotala akangonena, lemba tsiku lomwelo, kaya n'zabwino kaya n'zoipa. Sindine kamwana.

Usawapatse zokazinga. Pogona aziphimba kumapazi. A Horácio uwapatse moni, uwauze kuti ndathokoza.

Mayi ako,
Deolinda

Lisboa, 30 Seputembala 1981
(kuseri kwa khadi la chithunzi cha nyanja)

Deolinda mkazi wanga,

Moni. Za adokotala Graciete wakulembera kale, sindibwereza, malo ndi ochepa. Ndaona nyanja yeniyeni, pamene dziko la Portugal lathera. Ilibe tsidya. Ndinavula chipewa, misozi inangotuluka yokha. Ndinamuuza Graciete kuti tsopano ndaona, ngakhale Mulungu atandiitana mawa sindidandaula. Vinyo wa chaka chino ine sindidzalawa, mumwe inuyo. Kaliwo wanga ndi fodya yense ukapatse a Belmiro, ndathana nazo. Ndisanachoke ndikufuna ndione zonse. Ukanakhala pano.

Serafim

Vilarinho, 6 Okutobala 1981

Graciete,

Moni sindilemba wambiri.

Khadi la bambo ako lafika lero. Akuti za adokotala wandilembera kale. Wandilembera liti? Tsiku lililonse ndimaima pamsewu kudikira wamakalata, mpaka munthuyo wayamba kundithawitsa maso. Kalata yako palibe. Ndiye kuti unawanamiza bambo ako kuti walemba, pamene cholembera chinakulemera m'manja. Ndikumvetsa, koma walakwa.

Munthu amene wakhala ndi kaliwo kukamwa chiyambire ukwati wathu, amene anabwerera panjira tsiku loika mayi ake chifukwa anamuiwala patebulo, lero akuti ukapatse a Belmiro. Pamenepa ndifunikanso dokotala woti andimasulire?

Ndapita kwa Bambo Mfumu, ndapempha misa. Suti yawo yakuda ndaitulutsa m'bokosi, ndaiyanika kuti ichoke fungo la mankhwala a njenjete. Amuna anga sadzafera pampando wa kasitima pakati pa alendo ojambula zithunzi. Ali ndi bedi lawo, ali ndi mkazi. Popeza iwe walephera kuwabweretsa, ndibwera ndekha kudzawatenga.

Mayi ako

Vilarinho, 8 Okutobala 1981

Achemwali,

Moni. Ndikudziwa kuti kalatayi ifika zinthu zitachitika kale, koma ndikapanda kulemba ndiphulika.

Amayi anyamuka lero m'mawa pa basi ya ku Bragança kuti akakwere sitima. Avala zakuda kuyambira mpango mpaka nsapato. M'sutikesi muli suti ya bambo, malaya oyera, kolona, ndi nkhuku yophika. Ndinati ndiwaperekeze, anati ng'ombe sizidya misozi. Theka la mudzi linabwera kudzatsanzikana nawo, azimayi ena kulira anayambiratu. A Belmiro analandira kaliwo uja ndi manja awiri n'kumupsompsona.

Masana, basi itapita kalekale, wamakalata uyu watulukira pa njinga, akukupiza envelopu m'mwamba. Kalata yanu, achemwali, ya pa 26 Seputembala. Zidindo mbali zonse. Alamu anga a Horácio analemba kuti "Vilarinho" basi, boma osalemba. Kodi sadziwa kuti m'dziko muno midzi yotchedwa Vilarinho ndi yambiri ngati nthata za nkhuku? Kalatayo yazungulira midzi ya dzina lomweli kumpoto konse kuno, kwina anachita kuitsegula n'kuimatanso.

Ndinaiwerenga ndili chiimire pamsewu. "Amayi, si khansa. Ndi zilonda za m'mimba, zimapola ndi mankhwala. Asiye vinyo, fodya, khofi ndi soseji, ndipo akhale kuno mpaka adokotala adzawaonenso kumapeto kwa Okutobala." Nditafika pa mawu akuti soseji ndinasiya kuwerenga. Ndinangokhala pansi m'ngalande. Wamakalata anavula chipewa poganiza kuti ndi uthenga wa maliro, pamene ine ndikuseka, misozi ndi mamina zili mbwee.

Ndinathamangira ku sitolo kukaimba ku siteshoni, akuti sitima yapita. Ndinaimba kwa aneba anu apansi aja, palibe anayankha. Chimene ndapindula n'choti mudzi wonse tsopano wamva. Azimayi omwe amalira m'mawa aja abwera kudzandikumbatira, ena akuoneka ngati akhumudwa pang'ono, anali atakonzeka. A Belmiro anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Ndiye kaliwoyu ndibweze?" Ndawauza asunge.

Mantha anga ndi amodzi. Amayi ayenda usiku wonse akulira mwamuna wawo. Akafika n'kuwapeza bambo ali bwinobwino, mwina awapha okha. Mundilembere msanga.

Mlongo wanu,
Valdemar

Lisboa, 13 Okutobala 1981

Valdemar,

Moni kwa iwe ndi ng'ombe zako. Kalata yako inafika dzulo, pamodzi ndi ya amayi yaukali ija, mwini wake atakhala patebulo langa akusenda mbatata. Mtima pansi, palibe waphedwa. Koma panatsala pang'ono.

Lachisanu ife sitinkadziwa kalikonse. Ine ndinkangodabwa kuti amayi alandira nkhani yabwino chonchija koma osayankha, ndimati mwina mphesa zawatangwanitsa. Tinadzuka m'mawa kupita kumalo osungirako nyama, poti bambo anamva kuti kuli njovu imene ukaipatsa kakobidi imaliza belu. Chilandirire zotsatira zija munthuyu sakhala pansi. Linga anakwera kawiri. Ku msika wa zinthu zakale anagula chipewa chaudzu. Ku msika wa nsomba anatsutsana ndi mayi wina mpaka mayiyo anawapatsa nsomba yaulere kuti achoke.

Amayi anatsika sitima m'mawa womwewo. Takisi anakana, akuti sakwera galimoto ya munthu wosamudziwa. Anakwera chitunda chathu chonse ndi bondo lija, sutikesi ili pamutu, akuonetsa anthu envelopu yanga kuti awalozere njira. Atafika anapeza chitseko chokiya. A Piedade, aneba apansi aja, anatuluka n'kuwauza kuti, "Apita kukaona njovu." Amayi akuti anaganiza kuti ndi mawu okuluwika a anthu a m'tauni, onenera munthu amene watengedwa kupita kuchipatala komaliza. Sanafunsenso. Anakana kulowa kwa a Piedade, anakana ngakhale madzi. Anakhala pa masitepe, kolona m'manja, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Ife tikubwera, bambo anali patsogolo, chipewa chaudzu chili pamutu, m'manja muli kapepala ka makeke. Ankandionetsa mmene njovu inachitira, mkono atausandutsa chitamba, akuliza belu ndi pakamwa. Atangokhota pa masitepe anaona munthu wovala zakuda atakhala pa sutikesi. Makeke anagwa. Nkhope inayera ngati ufa.

"Deolinda! Wamwalira ndani? Valdemar?"

Amayi anati, "Inu."

"Ine?"

"Inu. Kapena mwatsala pang'ono. Musandibise, Serafim, ndawerenga khadi lanu."

Bambo anatembenukira kwa ine, ine ndinatembenukira kwa amayi. Ndinati, "Amayi, kalata yanga simunalandire?" Anati, "Kalata iti?" Pamenepo ndi pamene zinandilowa m'mutu. Ndinagwada pa masitepe pomwepo n'kuwauza zonse, kuti si matenda aja, ndi zilonda, zikupola. Anati ndikunama. Ndinatsegula chitseko, ndinawapatsa pepala la kuchipatala, anati pepala aliyense angalembe. Ndiye anaimirira, anawagwira bambo chibwano, anawakokera ku windo. Anawatsegula chikope, anawayang'ana lilime, anawatsina pamkono, ndendende mmene amachitira pogula ng'ombe pamsika. Bambo ali duu, chipewa chaudzu chili pamutu.

"Mwanenepa," anatero amayi.

"Pang'ono," anatero bambo.

"Nanga bwanji munalemba kuti Mulungu akuitaneni mawa?"

"Ndimanena za kukongola kwa nyanja, mkazi iwe."

"Kaliwo?"

"Adokotala andiletsa."

"Vinyo?"

"Andiletsanso."

Valdemar, chikwama cha m'manja cha amayi chinawapeza bambo paphewa, kenako pamsana, kenako pa chipewa. "Munthu wamkulu, wa imvi, osadziwa kulemba kuti ndili bwino! Mawu awiri okha! Mukundilembera za nyanja!" Bambo sanathawe. Anangotambasula manja, amayi n'kugwera momwemo. Kulira kumene analira sindinakumvepo chibadwire. Bambo ankangowasisita pa mpango, akuti, "Basi, basi, ndilipo, ndilipo." Ine ndinapita kukhitchini kukatereka madzi amene panalibe wowafuna.

A Horácio ataweruka anavomera okha kuti envelopu analemba ndi iwo. Anaima pakhomo, chipewa chantchito chili m'manja, akudikira chiweruzo. Amayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "A Horácio, thokozani Mulungu kuti kasitima kanu kamayenda pa njanji. Chipanda apo, anthu bwenzi mukukawatsitsa ku Spain." Atatero anawagawira ntchafu ya nkhuku ija. Mlandu unathera pomwepo.

Zovuta zinabwera potulutsa zotsala m'sutikesi. Amayi anayesa kuiphimba ndi shawelo, koma bambo anali ataona kale. "Suti yangayi ikudzatani kuno?" Anainyamula, anaiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti amvetsa. Kenako anati, "Wachita bwino kubwera nayo. Ndimasowa chovala choyenera mzinda uno." Lamulungu anaivala kupita ku misa ku tchalitchi chachikulu, ndipo pobwera anaimitsa wojambula zithunzi pabwalo la Rossio. Chithunzicho ndakuikira m'kalata muno. Sutiyo yawakulira, ndiibweza m'chiuno. Amayi usawaone kukwinya nkhope, akuti nkhunda zimawatera paphewa.

Amayi akuti abwerera Loweruka, mzinda uno ndi waphokoso ndipo madzi ake sakoma. Tiona.

Mchemwali wako,
Graciete

Lisboa, 20 Okutobala 1981

Valdemar mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino, ukudya, ndipo sukugona ndi nsapato zakukhola pa bulangete langa. Undilembere za ng'ombe yabere ija, ndi ngati vinyo wasiya kuwira m'migolo.

Adokotala ndakawaona ndekha. Ndi mwana, tsitsi lake lofika m'khosi, koma amayang'ana munthu m'maso polankhula. Ndinamufunsa kuti, "Mwamuna wangayu afa?" Anati, "Adzafa, mayi, ngati tonsefe, koma osati ndi izi." Ndinamufunsanso mwa njira ina kuti ndione ngati asinthe mawu, sanasinthe. Usiku umenewo ndinagona tulo mpaka Graciete anachita kundigwedeza dzuwa lili pamwamba. Upite kwa Bambo Mfumu, uwauze kuti misa ndinapempha ija ikhale yothokoza.

Bambo ako asanduka mwini mzinda. Akundikoka uku ndi uku ngati anabadwira kuno. Linga lawo lija ndaliona, ndi makoma ogumuka, khoma la khola lathu lamangidwa bwino kuposa pamenepo. Koma ukaima pamwamba pake madenga onse amaoneka pansi pako, ofiira, mpaka kumtsinje, ndipo pamenepo sindinapeze chonyoza. Anandikweza chikepe chachitsulo chimene chimanyamula anthu kuchoka mumsewu wapansi kupita wapamwamba. Ndinatsinzina njira yonse, ndiye usandifunse. Kabichi wa pamsika ndi wofota, kwathu tingapatse nkhumba. Makeke a mazira a ku Belém, amenewo ndiye ndisaname, ndinadya anga n'kudyanso a bambo ako, poti iwo mimba. Njovu ija ndaiona. Imalizadi belu.

Dzulo tinakwera boti kuwoloka mtsinje, awiriwiri. Graciete wabwerera ku ntchito. Pokwera pali thabwa logwedera, ndiye bambo ako anandigwira dzanja chifukwa cha bondoli. Titalowa sanalisiye. Ndinati, "Serafim, anthu akuona." Anati, "Akutidziwa ndani kuno?" Ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo zoona, panalibe ndi mmodzi yemwe wotiyang'ana. Tinaima kumbuyo kwa botilo, mphepo ikuomba, mzinda ukutalikira ndi zitunda zake. Ndinayamba kuganiza kuti chikwatiwire ndi munthu ameneyu ndayenda naye njira zambiri, ya kumunda, ya kumsika, ya kumaliro, koma nthawi zonse wina atasenza khasu, wina dengu, iye patsogolo ine pambuyo. Kuyenda naye manja ali opanda kanthu, osapita kukagwira ntchito iliyonse, kunali koyamba dzulo. Tsidya linalo tinakhala pa benchi, iye anamwa mkaka wake akudandaula, ine ndinadya nsomba zootcha. Pobwerera ndine ndinayamba kumugwira.

Loweruka lapitali sindinabwere, waona wekha. Likubwerali usapitenso kukadikira basi. Ndikhala mpaka adokotala awaonenso bambo ako, tidzabwerera limodzi. Munthuyu ukamusiya yekha angayambirenso kulemba makhadi. Komanso akuti nyanja yeniyeni sindinaione, uwu ndi mtsinje chabe, ndiye Lachinayi tikwera sitima kupita kumeneko.

Anthu akafunsa, uwauze kuti ndatsalira kusamalira wodwala. Za dzanjazi usauze munthu.

Mayi ako,
Deolinda